Chitseko Chopanda Khomo

Nyumba yatsopano inatha mvula itangosiya, koma chisanu cha mu Juni chinafika mayi ake a Felismina asanapondemo ngakhale chala. Ankagona m'kanyumba kosungiramo mbatatesi, pakati pa matumba ndi makasu, pamene chipinda chawo cha matailosi chinali zii, bedi loyala bwinobwino, mabulangete atsopano akadali m'mapepala ake.

"Amayi, chisanu cha chaka chino si chosewera nacho," Felismina anadandaula m'mawa wina atawabweretsera phala. "Chifuwa chanucho ndikumachimva ndili kuchipinda. Talowani m'nyumba, chonde."

"Nyumba yake iti?" anafunsa mayi Domingas, maso ali pa nyemba zimene ankasankha m'lichero.

"Ili apoyo. Si yanu yomwe?"

"Yanga munagwetsa. Iyo ndi ya amuna ako ndi anthu awo a pafoni."

"Nanga chipinda chija anamangira yani?"

"Kawafunse kuti ndilowere pati."

Felismina anaika mbale pansi mwamphamvu mpaka phala linatayikira, n'kutuluka misozi ili m'maso. Mawu amenewa ankawamva tsiku ndi tsiku, ndipo yankho la uko kunyumba yaikulu ankalidziwanso pamtima. Anali atatopa kutopa kwenikweni, kwa munthu woyenda pakati pa anthu awiri ouma mitu, onse owakonda.

Tisamunamizire Sérgio, mwamuna wakeyo sanali munthu woipa. Kwawo kunali ku Furancungo. Anaphunzira zojambula mapulani a nyumba ku Beira, ndipo ntchito zake zambiri ankazipeza mumzinda wa Tete. Atanena kuti nyumba yake yeniyeni adzamanga kwa mkazi wake ku Ntengo-Wambalame, mudzi wonse unamuyamikira, poti akamwini a masiku ano amangonyamula mwana wa eni n'kukamubisa m'tauni. Malo abwino, okwera, osalowa madzi, anali pomwe panali nyumba yakale ya mayi Domingas. Sérgio anapempha kudzera mwa mkazi wake kuti aigwetse, n'kulonjeza kuti apongozi adzakhala ndi chipinda choposa cha wina aliyense. Mayiwo, pokhala wamasiye amene denga linkamudonthera, anavomera.

Koma inalitu nyumba! Mwini wake ankaitcha posimoderno, ndipo ukamufunsa tanthauzo unkayenera kuyamba wapeza pokhala, chifukwa sankamaliza msanga. Ankati amisiri a zaka zapitazi ankamanga mabokosi a simenti osadziwa kwawo, ofanana ku Maputo, ku Beira mpaka ku Ulaya, koma nzeru zatsopano n'zotenga maonekedwe a zinthu za makolo n'kuzikwatitsa ndi galasi ndi chitsulo. Nsanamira za pakhonde anaziumba ngati minsi. Denga linali la malata, koma losongoka ngati la udzu. Thanki yamadzi anaiveka nsungwi zoluka kuti izioneka nkhokwe, moti odutsa m'njira ankafunsa kuti chimanga chonsecho anakolola liti. M'kati munalibe makoma ambiri. Pochezera, podyera ndi pophikira zinali bwalo limodzi lotchedwa sala, zipinda zonse zinkatsegukira m'salamo, ndipo khomo lolowera linali limodzi lokha, lakutsogolo, lagalasi.

Tsono panali nkhani ya chitseko. Malemu Januário, bambo ake a Felismina, anachisema okha ndi mtengo wa mlombwa chaka chimene banjalo linabwerera kwawo kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Kumsasa wa othawa kwawo anakhala zaka zambiri akutseka pakhomo ndi chiguduli, ndiye atangofika kumudzi bambowo anayamba kusema chitseko nyumba isanazikidwe n'komwe. Pogwetsa nyumba yakaleyo Sérgio anachizula yekha mosamala, anachipala, anachipaka vanishi, n'kuchikhomera kukhoma la kum'mawa, kunja kwa chipinda cha apongozi ake.

Mayi Domingas anachionera patali, poti pamene pali mkamwini sankayandikirapo. Chikwatiwire Felismina, iwo ndi Sérgio anali asanayang'anepo m'maso. Akakumana panjira mayiwo ankapatukira kuthengo, ndipo ngakhale moni ankadzera mwa Felismina. Ataona chitseko chawo chili pakhoma, mtima wawo unakhala pansi. Kutchalitchi anauza anzawo monyadira kuti, "Mkamwini wanga maphunziro a kushikola sanamuononge. Wandipatsa khomo langalanga, kuti ndizilowa ndi kutuluka osamudutsa kumaso."

Felismina anaona kuti m'kati mwa chipindacho khoma lija n'lomata lonse. Atafunsa, mwamuna wake anangoseka. "Surpresa, amor, ndi chinsinsi. Udzaona tsiku lake." Felismina anaganiza kuti amisiri aboola pomaliza, ndipo anapita kumunda kukakumba mbatatesi zake.

Tsiku lake linafikadi. Akatekisita anapemphera n'kuwaza madzi, nthungululu zinamveka mpaka kutsidya kwa dambo. Mayi Domingas anavala nsalu ya kapulana yatsopano, anasenza dengu la ziwiya zawo, n'kulunjika kuchitseko chawo, anzawo a kutchalitchi akuimba pambuyo. Anagwira chogwirira chimene dzanja lawo linachizolowera kalekale, n'kukoka. Chitseko chinatseguka mosavuta, poti mahinjesi anali atathiridwa mafuta. Kuseri kwake kunali khoma. Khoma loyera bwino, lokhala ndi kashelefu, pakashelefupo pali mtsuko wopanda madzi ndi kababu koyaka masanasana.

Nyimbo inaduka. Wina kumbuyo anaseka, n'kudzigwira pakamwa, koma zinali zitamveka kale.

"Ndi memória imeneyo!" Sérgio anafotokozera anthu mokweza, akumwetulira ngati mwana amene wakhoza mayeso. "Chikumbutso cha malemu. Chitseko chikunena za kale, khoma likunena za lero. Amayi azilowera kutsogolo kuno limodzi ndi ife tonse."

Mayi Domingas anabweza chitseko pang'onopang'ono, anatembenuka dengu lili pamutu, n'kudutsa pakati pa anzawo aja kupita kukanyumba ka mbatatesi. Nyama ya mbuzi imene inaphikidwa tsikulo sanailawe, ndipo kutchalitchi anasiya kupita.

Madzulo a tsiku limene phala linatayika lija, Felismina anapeza mwamuna wake akupukuta khomo lagalasi ndi kansalu. Anaima kumbuyo kwake manja ali m'chiuno.

"Bambo a Rosa, boolani khoma lija."

"Epa! Tayambanso?"

"Tinasiya liti? Amayi akutsokomola ngati ng'ombe yodwala. Mukudikira kuti afere m'matumba?"

"Felismina, Loweruka kukubwera anthu a ku Tete ofuna ndiwamangire malo ogona alendo. Chimene chinawakopa pa zithunzi zija ndi chitseko chimenecho. Ndiye ndichiboole chisanduke khomo wamba lakuseri, ngati la kukhitchini?"

"Khomo wamba ndi limene munthu amalowerapo!"

"Khomo lilipo ili! Lalikulu, loti anthu awiri n'kulowa limodzi. Wawaletsa ndani?"

"Alowe akupezeni muli gone pasofa, mutavala kabudula, miyendo ili m'mwamba? M'mawa akafuna kupita kuseri azidutsa pakhomo pa chipinda chathu? Amayi mumawadziwa. Muzichita ngati simukudziwa mpaka liti?"

Sérgio anasiya kupukuta. Analoza tebulo lalikulu limene linali pakati pa sala, ndipo mawu ake anatsika.

"Iwe ukudziwa kuti ine mayi anga anamwalira ndisanadziwe n'kuvala komwe. Ndinakulira m'makonde mwa azakhali, kudyera kuseri kwa nyumba. Pojambula nyumba ino sindinayambe ndi denga ayi, ndinayamba ndi tebulo ilo. Ndinkafuna ndidzakhale pamenepo, kuno iwe, uko Rosa akabwera kuholide, apo amayi, ndidzawapatsire mchere ndi dzanja langa. Ndalakwa pamenepo? Munthu azindithawa pakhomo pomwe ndikugona, ngati ndili ndi khate? Minsi ndasunga, nkhokwe ndasunga, chitseko ndasunga. Koma mwambo wothawana uwu ayi, uthe."

"Za makolo mwasunga zimene sizilankhula," anatero Felismina. "Zimene zimatsokomola mwazitsekera panja."

Sérgio anaponya kansalu kaja pansi, analowa kuchipinda n'kumenyetsa chitseko mpaka magalasi ake omwe ananjenjemera. Felismina anakhala yekha patebulo lija n'kulira. Chimene chinkamupweteka kwambiri n'chakuti mwamunayo anamumvera chisoni. Akanakhala woledzera kapena womenya, bwenzi nkhani ili yapafupi.

Kutacha anapita nawo mawuwo kwa mayi ake, atawakonzakonza kuti akome. Anawapeza akuwotha kamoto ka zitsononkho, utsi uli tho m'kanyumbamo.

"Amayi, munthu uja sakukunyozani. Akufuna mukhale mayi ake. Akuti muzidyera limodzi."

"Ndizitafuna iwo akuona? Andione m'kamwa?" Mayi Domingas anaomba m'manja kamodzi. "Mwana iwe, ine ndimawathawa amuna ako chifukwa ndi munthu. Galu ndi woledzera ndimawayang'ana m'maso, sindipatuka. Agogo ako anafa asanaone mano a bambo ako, koma akamva kuti mkamwini wadwala sankadya. Ulemu wanga ndi umenewo, ndilibe wina."

"Nanga mukangolowa nthawi imene iwo achokapo?"

"Ndizilowa mobisala m'nyumba yomangidwa pa dothi la amayi anga? Ndiponso amayi aja anandiseka aja adzati chiyani akandiona pagalasi paja? Adzati Domingas matailosi amuvula ulemu."

"Ndiye vuto ndi mwambo kapena ndi amayi a kutchalitchi?"

"Usandiyankhe. Ndinakubereka ndine."

Apa m'pamene Felismina anaonera kuti mwala wakumana ndi mwala unzake. Uku kunali mwambo wosakaniza ndi manyazi, uko kunali chikondi chosakaniza ndi matama, ndipo palibe amene ankafuna kuyamba kugonja. Anatenga khasu n'kupita kumunda osadya kanthu.

Sabata yomweyo mayi Domingas analephera kudzuka. Thupi linali moto, mpweya ukuchita kubanika. Mlongo wawo, a Osório, anabwera ndi njinga yawo yamoto n'kuwatengera kuchipatala ku Tsangano, Felismina atawagwirira kumbuyo. Anamwino anati ndi chibayo. Anawabaya jakisoni, anawapatsa mapiritsi, kenako anatembenukira kwa Felismina n'kumufunsa pamaso pa odwala onse kuti, "Mayi wamkulu chonchi, nyengo ino, mukumugoneka pati?" Felismina anangozyolika. Akanati chiyani, poti nyumba yawo zithunzi zake zinali pa mafoni a anthu mpaka ku Tete?

Lachisanu masana a Osório anaitanitsa nkhani. Iwo anakhala pampando pakhonde, pakati pa minsi ya simenti ija. Sérgio anaima pakhomo lagalasi manja atapinda. Mayi Domingas anakhala kuseri kwa thanki yooneka nkhokwe ija, atafunda bulangete lakale, msana atalozetsa kunyumba. Felismina anakhala pansi pabwalo, pakati pa onsewo.

"Bambo a Rosa," anayamba a Osório, "ine posi-chiyani wanuyo sindimudziwa, ndipo sindinabwere kudzaphunzira. Chimene ndikudziwa n'chakuti mlongo wanga anali ndi nyumba, lero alibe. Dothi lino ndi lake. Inu munabwera kudzakwatira, tinakulandirani ndi manja awiri. Tsono mawu anga ndi achidule. Boolani khoma, apo ayi nyamulani zanu mubwerere ku Furancungo."

"Ndinyamule nyumba, amalume?"

"Magalasiwo mutha kunyamula. Dothi musiye."

"Com todo o respeito, ndi ulemu wonse amalume, chipinda chilipo, bedi lilipo, khomo lilipo. Ine sindinathamangitse munthu."

"Achimwene," anatero mayi Domingas kuseri kwa thanki, mawu ali osasa, "musachotse munthu pakhomo. Sindifuna anthu adzati Domingas anathetsa banja la mwana wake. Felismina, uwauze amuna ako kuti nyumba yawo ndawasiyira. Mawa ndikupita ku Lizulu kwa mng'ono wanga. Ku Malawi ndinakhalako kale wopanda chitseko, sindinafe."

Sérgio anamva zonse ndi makutu ake, koma anadikira mpaka mkazi wake atabwereza mawuwo.

"Uwauze kuti palibe amene akuwathamangitsa," iye anayankha.

Felismina anabwereza.

"Uwauze kuti ndamva," anatero mayi aja.

"Uwauze kuti mabulangete aja ndinagulira iwowo."

"Uwauze kuti afunditse mtsuko wawo uja, ungazizidwe."

"Uwauze kuti kukana chabwino si ulemu."

"Uwauze kuti kutsegulira munthu khoma si nzeru."

Felismina ankatembenukira uku n'kutembenukira uko, mawu a anthu ena akutuluka pakamwa pake. Pomaliza anangogwira kumutu. A Osório anaimirira, anakutumula chipewa chawo, n'kumuyang'ana mwana wa mlongo wawoyo mwachisoni.

"Mwana wanga, mapanga awiri avumbwitsa. Anthu awa sangakhale pamodzi. Usankhe wekha amene utsale naye. Ine mawa m'mawa ndibwera ndi njinga, ndipo wina akwera."

Felismina ankadziwa kuti mayi ake akawoloka malire ndi chifuwa chimenecho sadzabweranso ndi miyendo yawo, ndipo adzaikidwa kwa eni, kutali ndi manda a mwamuna wawo. Ankadziwanso kuti Sérgio akachoka ndi mkwiyo sadzatembenuka, ndipo Rosa pobwera kusukulu adzapeza nyumba ya magalasi yopanda bambo. Zonsezi chifukwa cha njerwa zosadzaza ngolo.

Loweruka kunacha ndi nkhungu. A Osório anafika monga ananenera, n'kuyamba kumangirira phukusi la mlongo wawo kumbuyo kwa njinga. Sérgio anali atavala malaya osita, akusesa pakhonde podikira alendo ake, maso osayang'ana n'komwe kumene kunali njingako. Felismina anaona mayi ake akutuluka m'kanyumba kaja, ataonda, akuyenda mogwira khoma. China chake chinaduka mumtima mwake.

Anazungulira kuseri kumene amisiri anasiya zida zawo, anatenga nyundo yaikulu, anadutsa mwamuna wake pakhonde, n'kulowa m'chipinda cha matailosi chija. Anakankhira bedi kumbali. Anakweza nyundo ndi manja awiri monga amakwezera munsi, n'kumenya khoma.

Ulendo woyamba inangothothoka penti. Wachiwiri pulasitala anagwa. Wachitatu anamva mtsuko uja ukusweka kuseri kwa chitseko, ndipo mtima wake unamva kukoma.

"Felismina! Wapenga? Chega! Basi!" Sérgio analowa akuthamanga, tsache likadali m'manja.

Iye sanasiye. Nyundo inaterereka n'kumupana dzanja kunjerwa, magazi anayamba kutuluka, koma anaikwezanso. Sérgio anagwira mpini, awiriwo n'kuyamba kulimbirana.

"Ndisiyeni! Ndati ndisiyeni! Apo ayi mundimenye nayo ineyo, mundimatire m'khomamu, anthu anu a ku Tete adzajambule memória ina!"

"Ukudziwa kuti nyumba ino ndaivutikira bwanji?"

"Amayi anga akukwera njinga, bambo a Rosa! Tasuzumirani pawindo apo! Kumeneko akupita kukafa, ndipo inu ndi tebulo lanu lija mudzatsala mukudikira munthu amene ali m'manda a ku Malawi!"

Sérgio anasuzumira. A Osório anali akukweza mlongo wawo panjinga pomunyamula m'khwapa, poti mwendo unkakanika kukwera wokha. Mayiwo anatsokomola mpaka kuwerama, n'kupukuta pakamwa ndi nsonga ya mpango. Sérgio anawayang'ana nthawi yaitali. Kunena zoona, munthu amene ankamufuna kuti akhale mayi akeyo anali asanamuonetsetsepo chonchi, ndipo sankadziwa kuti ndi wochepa thupi chotero.

"Sukumenya pabwino," anatero motsitsa mawu. "Ukatero ugwetsa ndi pamwamba pomwe. Bweretsa."

Anapinda mikono ya malaya osita aja n'kuyamba kumenya. Ankamenya mwaluso, mzere ndi mzere, misozi ikutsika n'kusakanikirana ndi fumbi. Kashelefu kanagwa, kababu kanaphulika, njerwa zinakhuthukira panja n'kukankha chitseko cha mlombwa mpaka chinatseguka chokha. Kuwala ndi mphepo yozizira zinalowa m'chipindamo. Panja a Osório anazimitsa njinga.

Felismina anadumpha njerwa zija, anathamanga n'kukagwada pafupi ndi njinga.

"Amayi, khomo lija ilo. Lanulanu. Tsikani, chonde."

Mayi Domingas anatsika mothandizidwa. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pachitseko, pamene Sérgio anadzibisa m'kati kuseri kwa khoma lotsala, kuti asaonane. Mayiwo anasisita mlombwa uja, anayang'ana mahinjesi, anayang'ana m'mwamba, anayang'ana pansi.

"Uwauze," anatero mayi aja pomaliza, "kuti chitseko ichi bambo ako anachikhoma chotsegukira m'kati. Chotsegukira kunja ndi cha khola."

"Uwauze," mawu anachokera kuseri kwa khoma, "kuti m'kati sichingatheke, chizigunda bedi. Ndiponso pa pulani..."

"Uwauze kuti bedi lili ndi miyendo, lisunthe."

"Uwauze kuti..."

"Sindiuza munthu!"

Felismina anakuwa mpaka nkhuku zinabalalika. Anaimirira pakati pa bwalo, misozi ili chuchuchu.

"Sindiuzanso munthu ine! Zaka zonsezi khomo lanu ndine. Mawu alowere mwa ine, atulukire mwa ine, ululu wake uzitsalira mwa ine. Inu amayi mukufuna ulemu wanu. Inu bambo mukufuna tebulo lanu. Alipo anafunsapo kuti Felismina akufuna chiyani? Dzanja ili likuchucha magazi, alipo waona? Khoma lagwa, koma mukadapezabe chokanganirana, ndipo mukufuna ine ndizikunyamulirani. Ndakana!"

"Mwana iwe, ukulankhula ndi yani?" anatero mayi ake.

"Ndi nonse awiri. Muli ndi pakamwa, muli ndi makutu. Khalani muziopana bwino."

Anapita panjinga, anamasula phukusi la mayi ake n'kuliika pansi, anakokera kapulana yake m'mwamba pang'ono n'kukwera.

"Amalume, tiyeni. Ku Lizulu ndipita ndine."

"Iwe Felismina, tatsika tikambirane," anatero a Osório.

"Munati ndisankhe, ndipo munati wina akwera. Ndasankha. Lizani njinga."

A Osório anayang'ana mlongo wawo, anayang'ana chibowo cha pakhoma chija, kenako anayang'ana dzanja lamagazi limene linawagwira paphewa. Sanali munthu wopusa. Anaponda njinga, inalira, n'kuyamba kutsetsereka kanjira kopita kumsewu.

Felismina sanafune kucheuka. Ankalira mosabisa, osadziwa kuti akafika ku Lizuluko akanena chiyani, ndipo analibe ngakhale chovala chosinthira. Kumbuyo kunali zii. Anadutsa munda wa mbatatesi, anadutsa mitengo ya mapichesi, kumbuyo kuli zii. Mtima unamuuza kuti anthu aja amulekadi apite, aliyense pofuna kusunga ulemu wake, ndipo analira koposa.

Kenako anamva mawu osasa aja, okwera kuposa kulira kwa njinga.

"Bambo a Rosa! Inu bambo a Rosa! Mwangoima pamenepo? Thamangani, mwana wathu akupita!"

Anacheuka. Mayi ake anali ataima pa njerwa zakugwa zija, maso ndi maso ndi mkamwini wawo, dzanja lina litagwira mkono wa malaya ake, lina likuloza kumsewu. Sérgio anatulukira pa khomo latsopanolo ali mbuu ndi fumbi, n'kuliyatsa liwiro. Nsapato imodzi inavuka, sanaitole. Pokhota kanjira anakumana ndi galimoto yoyera ya alendo a ku Tete ikulowa. Woyendetsa anatsitsa galasi n'kumuitana ndi dzina, koma iye anaidutsa osaiyang'ana n'komwe, akukuwa dzina la mkazi wake.

"Ndiime?" anafunsa a Osório.

Felismina anapukuta misozi ndi dzanja labwino lija n'kuyang'ananso kunyumba. Phukusi lija pabwalo panalibe. Chitseko cha mlombwa chinali kutsekeka pang'onopang'ono, wina akuchikokera m'kati.

"Chepetsani liwiro, amalume," anatero, "koma musaime. Athamangeko kaye."